Mano Amatsata Bere

Ku Kafunda, mudzi wa m'tsinde mwa mapiri kuseri kwa Malowera, munthu sankafunsidwa kuti ndiwe mwana wa yani. Ankangomuseketsa. Akatsegula pakamwa n'kuoneka mano ofiirira, amawangamawanga ngati mtedza wokazinga umene wapserera pang'ono, nkhani inkathera pomwepo: ameneyo ndi wa m'mudzi muno, muyalireni mphasa. Kumsika wa ku Fíngoè anthu ankawanena kuti odya dzimbiri, koma a ku Kafunda sizinkawalowa mumtima kwenikweni. Ankati mano awo, ngakhale sakoma m'maso, sadziwa kubooka, pomwe eni mano oyera aja ankayenda atamanga nsalu kutsaya.

Ndipo musawaone ngati anthu opanda nzeru, umboni anali nawo. Mudziwo unali wa chikamwini. Ana aakazi ankakalambira pomwe anabadwira, amuna n'kumabwera kuchokera ku Chipera ndi kwina ali ndi mano awo oyera mbee, koma ana onse obadwa pamenepo ankatsata amayi awo. Mnyamata wa ku Kafunda akakakwatira kutali, ana ake ankamera mano oyera a kuchikazi. Nanga pamenepo munthu n'kunena chiyani? Mano amatsata bere, basi. Mawuwa ankanenedwa mopanda mkangano, monga mmene munthu anenera kuti mvula imachokera kumwamba.

Kumunsi kwa mudzi kunali kasupe amene anapatsa mudziwo dzina. Madzi ake ankatuluka pansi pa mwala waukulu ali ofunda, ali ndi kafungo ka dzira lowiritsa, n'kudzaza kadziwe koyera mpaka pansi. Sankaphwa ngakhale chaka cha chilala. M'nyengo yozizira, m'mawa, nthunzi inkakwera pamwamba pa madziwo n'kuphimba bango ndi mitengo, moti akazi otunga ankamvana mawu okha osaonana nkhope. Mwana wa m'mudzimo dzino lake loyamba likaguluka, ankapita nalo komweko, n'kuliponya m'madzi akunena kuti, "Tenga loyera, undipatse la kwathu."

Quitéria anabadwira pamenepo, dzino lake analiponya m'madzi omwewo, ndipo chaka chimene mbendera ya Apwitikizi inatsika anakwatiwa ndi Baltazar wa ku Chipera. Baltazar anali munthu wamtali, wofatsa, woyenda moponya phazi lamanzere kunja ngati akukankha nkhuku panjira. Akazi a m'mudzimo ankamuseka kuti ali ndi mano a mwana woyamwa, iye n'kumangomwetulira, poti mkamwini wanzeru sayankha zonse.

Patapita zaka ziwiri kunabwera gulu la boma latsopano lobaya katemera. Pakati pawo panali namwino wamwamuna dzina lake Teodoro, amene anthu ankangomuti enfermeru. Anzake onse ankayang'ana mikono, iye ankangoyang'ana m'kamwa mwa anthu. Anatsikira kukasupe, analawa madzi, anawalavula, analawanso. Kenako anapempha botolo loti atengeremo madziwo kupita nawo ku Tete akawapime. Quitéria anamubwereka botolo lake lobiriwira, lokhalo limene anali nalo, ndipo anatero mwa chisoni chabe, poona munthu wophunzira akuvutika ndi funso limene ngakhale mwana wa m'mudzimo akanamuyankha. Teodoro analonjeza kuti abwera ndi yankho mvula isanagwe. Mvula inagwa, inagwanso, ndipo m'malo mwa yankho kunabwera nkhondo.

Isanafike ku Kafunda nkhondoyo, Quitéria anabala mwana wamkazi, Berta, atadikira zaka zisanu ndi chimodzi ndi kumva zonena za anthu zokwana dengu. Mwanayo ankakonda madzi ofunda aja kuposa bere. Mayi wake ankamukhazika pa mwala, n'kumamumwetsa ndi chikhatho, ndipo akachotsa dzanja Berta ankaligwira n'kulibwezera m'madzi. Phala lake linkaphikidwa ndi madzi omwewo. Quitéria ankayang'ana timano ta mkaka toyera tija n'kumamuuza kuti timeneti ndi tobwereka, eni ake akubwera.

Berta anali ndi zaka ziwiri ndi theka m'mawa umene anthu a mfuti anafika. Kunkazizira. Quitéria anasiya mwana ali pamwendo pa bambo ake akumwa phala, natsikira kukasupe ndi mtsuko. Ali komweko, m'kati mwa nthunzi, anamva mfuti, ndipo akazi amene anali naye anamugwira manja ndi miyendo kuti asathamangire kumudzi. Pamene anakwera masana anapeza nyumba zili phulusa. Amuna onse amphamvu anali atatengedwa kuti akasenze katundu, ndipo Baltazar anapita mwana ali m'manja.

Patatha masiku anayi, munthu wina amene anathawa pa ulendowo anamuuza zimene anaona. Baltazar atasenzetsedwa thumba la chimanga anauzidwa kuti mwanayo amusiye. Anamukhazika pansi pa mtengo wa msuku, pa mtsinje wouma pomwe njira ya ku Malowera ndi ku Zambia imadutsa, poganiza kuti othawa nkhondo amutola. Quitéria anapita komweko. Anapeza msuku, anapeza mchenga wodzaza mapazi a anthu oloza kumpoto, koma mwana sanamupeze. Baltazar naye sanabwerenso.

Ambiri a m'mudzimo anawoloka malire. Quitéria anakana. Anatsala ndi anthu ochepa m'mapiri, m'misasa ya udzu, akulima timinda tobisika ndi kudya zikhawo za m'tchire, n'kumatsika m'mawa kudzatunga madzi. Ankati madzi saiwala khwawa, mwanayo akadzabwera asadzapeze pamudzi pali zii.

Kukasupeko ndi kumene ankalerera mwana wakeyo. Akakhala pa mwala, mtsuko uli pambali, nthunzi inkasonkhana patsidya pa dziwe n'kuima ngati kamwana, ndipo chaka chilichonse kankatalikirapo. Quitéria sankaopa, sankauzanso munthu. Ankangoyang'ana Berta wa m'nthunzi akuphunzira kusenza kachikho pamutu, akuthamangitsa atombolombo, akumuyang'ana chammbali monga ankachitira bambo ake. Nthawi zina ankamulangiza motsitsa kuti asaponde pamwala woterera. Dzuwa likakwera mwanayo ankasungunuka kuyambira kumapazi, mayi n'kusenza mtsuko wake kubwerera kuphiri, mtima uli m'malo. M'miyezi yotentha nthunzi sinkaoneka, ndipo Quitéria ankangoti mwana wapita kucheza kwa abale a bambo ake, abwera kukazizira.

Chaka chimene anawerengera kuti Berta wakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, anatenga njere yoyera ya chimanga, naiponya m'kasupe m'malo mwa dzino, nanena mawu aja. Kuyambira tsiku limenelo Berta wa m'nthunzi ankaseka ndi mano a kwawo, ofiirira bwino lomwe, ndipo mayi wake ankawadziwa limodzi ndi limodzi. Anamuzolowera chotero, ndipo chizolowezi chimenecho ndi chimene chinadzamupusitsa.

Mfuti zinaleka, ndipo m'chaka cha 1994 malole anayamba kubweza anthu kuchokera ku Ukwimi, kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia. Otsala m'mapiri anatsika, obwera anabwera ndi mapoto ndi makasu atsopano, Kafunda n'kumangidwanso pa phulusa lakale. Tsiku lina m'nyengo yozizira kunafika mayi wina wamfupi, wa ku Malowera, dzina lake Zeferina, ali ndi mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zitatu. Anawayalira mphasa pakhomo pa Quitéria, akazi a mbumba yake yonse n'kuwazungulira, ndipo Zeferina anafotokoza mosapita m'mbali. Anati pothawa nkhondo zaka khumi zapitazo anatola mwana pansi pa msuku pa mtsinje wouma, mwana wosalira, amene anatha miyezi itatu osatulutsa liwu. Anamutcha Carolina, anamulera ngati wake ku Ukwimi, ndipo sanamubisire kanthu. Tsopano poti mtendere wabwera, wayenda midzi inayi kufunafuna mayi wa mwanayo, ngakhale mtima wake ukukana, chifukwa sakufuna kudzafa atakhalira chinthu cha mwini.

Quitéria mtima unali m'mwamba. Anali ataona kale mayendedwe a mtsikanayo pamene ankalowa m'mudzi, phazi lamanzere likuponyedwa kunja. Manja ake ankafuna kumugwira, moti anawakhalira. Koma misuku ndi yambiri, mitsinje youma ndi yambiri, ndipo ana osiyidwa panjira chaka chimenecho anali osawerengeka. Mtsikanayo anakhala atazyolika, maso ali pamphasa monga mwana woleredwa bwino, osayang'ana wamkulu aliyense kumaso. Kenako mkulu wake wa Quitéria, mayi amene sankadziwa kudikira pa chilichonse, anati, "Tamwetulira, mwanawe, tikuone."

Mtsikanayo anakweza mlomo wam'mwamba pang'ono, wam'munsi atauluma zolimba ngati munthu woletsa misozi. Zimene zinaoneka zinali zoyera mbee.

Palibe amene ananena chifukwa chake. Sankafuna kunyoza alendo, ndiponso kwa iwo nkhaniyo inali yoonekeratu moti kuifotokoza kukanakhala ngati kuuza munthu kuti moto umaotcha. Akazi anangoyang'anana, wina anausa moyo, ndipo Quitéria anamva chimwemwe chimene chinayamba kukwera chija chikutsika n'kuzizira.

"Si wa kuno," anatero. "Pepani, amayi, mwavutika ndi ulendo."

Zeferina anaimirira. Anakana madzi akumwa amene anawabweretsera, anakana kudikira chakudya, nagwira mtsikanayo padzanja. Pa mphambano pomwe kanjira ka kukasupe kamapatukira, mtsikanayo anaima, mphuno ili m'mwamba, ngati wamva wina akumuitana kumunsi. Zeferina anamukoka. Quitéria anaziona zimenezo ali pakhomo pake, ndipo anadziuza kuti fungo la kasupe limaimitsa aliyense, ngakhale mbuzi.

M'mawa mwake anatsikira kukasupe kufuna chitonthozo. Nthunzi inasonkhana monga mwa masiku onse, Berta anaima patsidya, koma sanaseke. Anali ataluma mlomo. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Quitéria anamunyengerera, anamukalipira, anamuimbira kanyimbo kamene ankamugonetsera, koma mwanayo anangoluma mlomo, maso ali pansi. Zinakhala choncho mpaka kunja kunatentha, nthunzi n'kuleka kuoneka, ndipo ulendo uno Quitéria sanathe kudzinamiza kuti mwana wapita kocheza.

Mwezi umene dzuwa limaswa mtengo kunafika munthu pa njinga, wa imvi m'mbali mwa mutu, atamangirira chikwama kumbuyo. Anafunsa ngati mayi wa botolo lobiriwira akadali moyo. Quitéria sanamuzindikire mpaka pamene anaona kuti munthuyo akupereka moni kwa anthu akuwayang'ana m'kamwa. Anali Teodoro, amene tsopano ankagwira ntchito ku Fíngoè.

"Galafa lanu lija linatsala ku Tete, amayi," anatero akutulutsa botolo lina m'chikwama. "Landirani ili."

Anati yankho analipeza chaka chomwe chija, kungoti misewu inadzaza mabomba okwirira, iye n'kumatumizidwa uku ndi uku kukasoka mabala. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri wakhala akuyenda nalo m'mutu, ndipo lakhala likumulemera.

Anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango umene unapulumuka moto. Teodoro anafotokoza kuti m'madzi a Kafunda muli mchere wina wosaoneka, wochokera m'miyala ya pansi, umene m'Chipwitikizi amautcha fuluwolo. Ukakhala wochepa umalimbitsa mano, koma m'kasupemu ndi wochuluka kupyola muyeso, ndipo umadetsa mano a mwana akadali m'kati mwa usinini, asanamere n'komwe. Munthu akaumwa moyo wake wonse umafika ndi m'mafupa, n'chifukwa chake okalamba a m'mudzimo msana umawauma msanga. Anapempha kuti ana aang'ono azimwa madzi a kumtsinje owiritsa kapena a mvula, ngakhale kumtsinjeko kuli kutali.

Akazi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Zaka zonsezi munthu kupalasa njinga ndi bodza m'mutu! Mkulu wake wa Quitéria anamuyalira umboni uja wa akamwini ndi wa anyamata okwatira kutali. Teodoro anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti ana a akamwiniwo amamwa kuti, nanga a anyamata okwatira kutaliwo amamwa kuti. Anafunsanso ngati chiyambire kunali mkazi wa ku Kafunda amene analerera mwana kutali ndi kasupe. Kunalibe, mpaka nkhondoyi. Pamenepo kuseka kunaphwa, chifukwa aliyense anakumbukira ana obadwira ku Ukwimi, ana a amayi a mano ofiirira, amene chaka chomwecho ankamera mano atsopano oyera mbee. Anthu ankangoti adzapsa ngati mango. Teodoro anati sadzapsa. Anawonjezera mwaulemu kuti eni mudzi akhala akunena zoona chiyambire osadzimva, poti dzino la mwana salipempha kwa mayi, amalipempha kwa kasupe.

Quitéria sanaseke nawo kuyambira poyamba. Anadikira kuti anthu abalalike, namutsatira munthuyo pomwe ankapopa njinga yake.

"A enfermeru, mwana atachoka kuno ali ndi zaka ziwiri ndi theka, n'kukakulira kwina, mano ake angakhale otani?"

"Oyera, amayi."

"Onse?"

Teodoro analeka kupopa. Anati mwina si onse. Dzino limaumbidwa pang'onopang'ono kuyambira kunsonga kupita kumuzu, monga mmene woumba mbiya amayambira pansi, choncho nsonga za mano akutsogolo zikhoza kukhala ndi kamzere ka madzi a kuno, kwina konseko n'kuyera. Koma anati sakulonjeza, ana ena sakhala nako. Quitéria anafunsa ngati zaka khumi za mswachi sizingafufute kamzere kotero. Iye anati sikachoka, ngakhale munthu atapala ndi mchenga amangowononga dzino lake.

Quitéria anakhala pansi pomwepo, pafumbi. Manyazi ndi mantha zinamugwira pamodzi. Zaka khumi anadikira pakhomo kuti mwana asadzapeze pali zii, ndipo mwanayo atabwera wapansi, ali ndi mayendedwe a bambo ake, iye anamusuzumira m'kamwa ngati mbuzi ya pamsika n'kumubweza asanamwe ngakhale madzi. Analera nthunzi n'kukana munthu, ndipo panalibe wina woti amuloze chala.

M'mawa mwake anadzaza botolo latsopano lija kukasupe, analikulunga m'kapulana, nsalu yake ya kutchalitchi, nalibereka kumsana. Ulendo wa ku Malowera unali wa tsiku lathunthu, ndipo masiku amenewo munthu sankapatuka panjira ngakhale phazi limodzi, ankaponda pomwe anzake aponda chifukwa cha mabomba. Botololo linali lofunda pamsana pake ngati mwana wogona, moti kangapo anadzipeza akulisisita. Anadutsa minda yomera tchire, mabwinja odziwika ndi mitengo ya mango yokha, ndi tchalitchi chopanda denga chimene munamera mpapaya pomwe panali guwa. Kutentha kunkavinitsa mpweya pamwamba pa njira, ndipo m'mpweya wovinawo ankaona Baltazar patsogolo pake, thumba lili pamutu, akuponya phazi lake kunja, osacheuka. Sanamuitane. Anangomutsatira, poganiza kuti munthu amene anasiya mwana ndi amene akudziwa njira yopita kwa iye.

Masana anafika pa mtsinje wouma, Baltazar n'kuzimirira mumchenga. Msuku uja unalipobe, uli ndi zipatso zosapsa. Quitéria anapumula pansi pake, pamalo pomwe anaganiza kuti mwana anakhazikidwa, naona dziko monga mwanayo analionera, miyendo ya udzu ndi thambo lalikulu lopanda munthu. Pamenepo anapangana ndi mtima wake kuti akafika sakapempha kuona mano. Anawaona kamodzi, zinakwana. Kaya kamzere kalipo kaya palibe, akanena chimene miyendo ya mwanayo inamuuza kale.

Anafika ku Malowera dzuwa litapendeka. Zeferina anali pakhonde akusenda mtedza, ndipo sanaimirire. Anamupatsa moni wouma wa munthu amene sanaiwale.

"Chichokereni kwanu kuja mwanayu sanasekepo," anatero. "Kuphunzira ku shikola anasiya. M'mawa ndi madzulo amangokhala kuseri yekha. Tsono mwabwera kudzawonjezera chiyani?"

Quitéria anagwada, munthu wamkulu ndithu kugwadira mnzake wa msinkhu umodzi, nanena kuti analakwa, ndipo wabwera kudzapereka madzi amene mwanayo sanamwe tsiku lija. Zeferina anasendabe mtedza wina ungapo, kenako analoza kuseri ndi mutu.

Mtsikanayo anali atakhala pa mtondo wogonekedwa, mswachi wa mtengo uli m'manja, pambali pake pali kachigoba ka mchenga wosakaniza ndi phulusa. Pansi pomwe ankalavulira panali pofiira pang'ono. Ataona Quitéria anaphimba pakamwa ndi dzanja, nayang'ana pansi.

"Mwabweranso kudzandiona m'kamwa?"

"Iyayi, mwanawe. Ndabwera ndi madzi a kwanu." Quitéria anamasula botolo kumsana, analipereka ndi manja awiri, natsinzina. "Taona, maso ndatseka. Imwa."

Anamva botolo likuchoka m'manja mwake. Anamva mtsikanayo akununkhiza nthawi yaitali, kenako kumeza kamodzi, kawiri. M'kati mwa maso otsekawo Berta wa m'nthunzi anaimanso patsidya pa dziwe, nayamba kusungunuka kuyambira kumapazi, ndipo Quitéria anamulola kuti apite.

"Madzi amenewa ndimawalota," anatero mtsikanayo motsitsa. "Ndinkayesa kuti kulibe madzi otere."

"Ndiwe Berta, mwana wa Baltazar, mwana wanga," anatero Quitéria, maso akadali otseka. "Ndinakudziwa ukulowa m'mudzi. Ndinalakwa ine, osati iwe."

 Nkhuku inadutsa pafupi ikutolatola, ndipo kutsogolo kwa nyumba kusenda mtedza kunali kutaleka.

"Ndikuyesetsa kukachotsa, amayi," anatero mtsikanayo. "Tsiku lija ndinakabisa ndi mlomo, koma ndikudziwa kuti munakaona, n'chifukwa chake munati si wa kuno."

"Kachiyani, mwananga?"

"Kadzimbiri aka. Ku Ukwimi anzanga ankati ndinaluma msomali."

Quitéria sanapemphe, koma maso anatseguka okha. Mtsikanayo anali atachotsa dzanja pakamwa, mlomo wam'munsi osaulumanso. Kunsonga kwa mano awiri akutsogolo kunali kamzere kofiirira, kopyapyala ngati ulusi, kodutsa kuchokera dzino ili kufika pa linzake. Pamwamba pake ponse panali poyera, ndipo usinini unali wotupa ndi mchenga wa miyezi itatu.

"Tandiyang'ana kumaso," anatero Quitéria.

Mtsikanayo anazengereza, poti sanaleredwe choncho, koma anakweza maso. Quitéria anatsegula pakamwa pake ponse, mano onse ofiirira a ku Kafunda ali poyera, akuseka ndi kulira nthawi imodzi moti nkhope yake sinali yoti n'kuionetsa alendo. Mtsikanayo anayang'ana, anayang'anabe, dzanja lake n'kupita lokha kukagwira mano ake.

Zeferina anali ataima pangodya ya nyumba. Iye tsiku lija mano a akazi a ku Kafunda anawaona ndithu, koma anayesa kuti ndi fodya. Quitéria anamukodola kuti asendere, kenako anaika nsonga ya chala chake pa kamzere kaja mosamala.

"Mpaka apa ndinakumwetsa ndine," anatero. "Kuchokera apa kupita m'mwamba anakumwetsa amayi akowa."

Zeferina anatembenukira kukhoma n'kupukuta maso ndi nsalu, akunamizira makoko a mtedza. Mtsikanayo anayang'ana mswachi umene unali udakali m'manja mwake, nafunsa ngati aleke kupala. Quitéria anatenga kachigoba kaja, nakhuthulira mchengawo pansi.

"Leka, mwananga," anatero. "A enfermeru anena kuti sikachoka."